Kulera Ana Odwaladwala Pakhomo M'chigwa cha Shire

Pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula ndi pa boma la Nsanje pali amayi ambiri amene amasunga ana a anzawo pakhomo pawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pamene makolo a anawo apita kuminda ya nzimbe, kumsika, kudimba kapena kukaphunzitsa. Ana 5 kapena 8, a chaka chimodzi mpaka zaka zitatu, amasewera pakhonde limodzi, kugona pamkeka umodzi ndi kulimbirana chidole chimodzi chomwe aliyense wachiika kale m'kamwa. Pagulu lotere sipalephera kukhala mwana mmodzi kapena awiri amene mwezi sutha asanadwale: sabata ino mamina, sabata yamawa kutsegula m'mimba, kenaka thupi latentha. Ndalera ana motere kwa zaka zingapo, ndipo malangizo awa ndikulembera mlezi mnzanga amene ali ndi mwana wotere m'manja mwake, ndipo wayamba kudzifunsa ngati vuto lili pakhomo pake, kwa makolo, kapena m'thupi la mwanayo.

Mlezi si dokotala, ndipo sindikulangiza kuti aziganizira yekha matenda kapena kugula mankhwala mwa nzeru zake. Komabe mlezi ndiye amakhala ndi mwana maola 8 kapena 9 ali maso, pomwe makolo amamuona kuli mbuu ndi madzulo atatopa, ndipo achipatala amamuona kwa mphindi zochepa chabe, anthu ali ndandanda pamzere. Zimene mlezi waona, akazisunga bwino n'kuzifikitsa kwa oyenera, ndi zimene kawirikawiri zimaulula chomwe chikumudya mwana.

Yambani ndi kusiyanitsa kudwala kumene mwana aliyense amadutsamo ndi kudwala kofuna kufufuza. Mwana wamng'ono wathanzi amagwidwa chimfine ka 6 mpaka ka 8 pachaka, ndipo akangoyamba kukhala pagulu la anzake chiwerengerochi chimakwera, makamaka m'chaka choyamba, chifukwa thupi lake likukumana koyamba ndi tizilombo tomwe kwawo kunalibe. Chimfine chimodzi chimatenga masiku 7 mpaka 10, kutsokomola n'kutsalira masiku ena, choncho mwana angaoneke ngati sakuchira pomwe kwenikweni wadwala zimfine zitatu zotsatizana. Mwana amene akutuluka mamina koma akudya, akusewera, akulira mwamphamvu akalandidwa chidole, ndipo kusikelo akukwera, ameneyo asakusowetseni tulo. Wofuna maso anu onse ndi amene kudwala kulikonse kumamusiya wofooka kuposa kale.

Kuchigwa kuno tili ndi zovuta zathuzathu zomwe mlezi wa ku Dedza kapena ku Mzuzu sakumana nazo pamlingo womwewo. Malungo satha chaka chonse chifukwa madambo a Shire, Elephant Marsh ndi ngalande za minda yothirira zimasunga madzi ngakhale m'chilimwe. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40. Mijigo ina imatuluka madzi amchere, anthu n'kumakatunga kumtsinje kapena m'zitsime zosatetezedwa. Madzi osefukira, monga a mu Januwale 2015, a namondwe wa Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023, amagwetsa zimbudzi, zonyansa n'kulowa m'madzi akumwa. N'chifukwa chake kuno thupi la mwana likatentha sitidikira kuti tione mawa.

Chachiwiri n'kupangana ndi makolo mwana asanadwale, makamaka tsiku limene akumulembetsa, mitima idakali pansi. Apempheni abwere ndi buku la kusikelo, mulitsegule pamodzi. Onani ngati katemera wa chikuku analandira kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, popeza wachiwiriyu ndi amene makolo ambiri amaiwala mwana akayamba kuyenda. Onaninso katemera wa malungo, amene anayamba kuperekedwa mu 2019 m'maboma 11 kuphatikizapo Chikwawa ndi Nsanje, ndipo mwana amalandira pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Katemerayu amachepetsa malungo koma sawathetseratu, ndiye mwana wobayidwa ayenerabe kugona m'neti. Vitamini A amaperekedwa miyezi 6 iliyonse, ndipo mwana akakwana chaka amalandiranso mankhwala a njoka za m'mimba. Pamene pali mpata m'bukumo, musakalipe, ingonenani tsiku la sikelo lotsatira ndipo mudzafunsenso tsikulo litadutsa.

Tsiku lomwelo lembani nambala za foni zosachepera zitatu: ya mayi, ya bambo ndi ya wachibale kapena mnansi amene angafike msanga. Munthu amene ali pakati pa munda wa nzimbe kapena wawoloka Shire kupita kudimba sangayankhe foni nthawi iliyonse. Pemphani chilolezo cholembedwa choti mwana akadwalika mudzathamangira naye kuchipatala osadikira yankho lawo, ndipo mugwirizane kuti ndi chipatala chiti, popeza cha boma n'chaulere pomwe cha mishoni, monga Montfort pa Nchalo kapena Trinity ku Muona, chimatha kufuna ndalama. Kholo lililonse lisiye ndalama yokwanira kabaza ulendo umodzi, muisunge mu envulopu yolembedwa dzina la mwana, ndipo musaigwiritse ntchito ina ngakhale ufa utatha m'nyumba. Funsaninso ngati mwanayo ali ndi mankhwala amene amamwa tsiku ndi tsiku, kapena ngati pali mankhwala ndi chakudya chomwe chimamuwenga.

Chachitatu chimachitika pakhomo m'mawa uliwonse, ndipo sichitenga mphindi ziwiri. Musalandire mwana ali kumbuyo kwa mayi ake n'kungomutsitsira pamkeka. Mulandireni m'manja, mumugwire pakhosi ndi pamimba ndi kuseri kwa dzanja lanu, mumuyang'ane m'maso, m'mutu ndi pakati pa zala, kwinaku mukufunsa kuti, "Amayi, mwanayu wagona bwanji? Wadya phala? Mwamumwetsa mankhwala alionse?" Funso lomalizali ndi lofunika kuposa onse. Mayi amene akuopa kudulidwa malipiro kuntchito amatha kumwetsa mwana Panado 5 koloko m'mawa, thupi n'kuzizira, ndiyeno cha m'ma 10 koloko mphamvu ya mankhwala itatha mwana uja ali gone, thupi ngati moto. Mayi wotere si woipa mtima, wapanikizika. Mukamukalipira, mawa adzabisa kwambiri. Ine ndimanena poyera kuti, "Achemwali, mukandiuza zoona tipeza njira, koma mukandibisira mwana akhoza kukomokera m'manja mwanga ine ndisakudziwa chilichonse." Mayi akaulula kuti usiku thupi linatentha, njira yake ndi yakuti apite kaye akayezetse malungo, ntchito ichedwe ola limodzi kapena awiri.

Chachinayi, chimene ndikuchiona kuti n'chachikulu kuposa zina zonse, n'kusunga kope. Gulani kope wamba la ana asukulu, mwana aliyense mumupatse masamba ake. Tsiku lililonse limene mwana sali bwino lembani deti, chimene mwaona, kutentha kwa thupi, kangati watsegula m'mimba kapena kusanza, chakudya wadya chochuluka bwanji, ndipo akapita kuchipatala mulembe chimene apeza ndi mankhwala amene apatsidwa. Musalembe maganizo anu, monga akuti mwina ndi malungo, lembani zooneka ndi maso: wakana phala, wagona kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko, chimbudzi chamadzi katatu. Mutu wa munthu umaiwala, ndipo pakatha miyezi iwiri mayi ndi mlezi onse amangoti mwanayu amadwaladwala, osatha kunena kuti kangati ndiponso chiyani.

Ndinali ndi kamnyamata ka zaka ziwiri kamene aliyense ankangoti n'kofooka chibadwire. Nditawerenga masamba ake tsiku lina madzulo ndinapeza kuti m'miyezi iwiri thupi linatentha kanayi, ndipo katatu anamupeza ndi malungo, nthawi zonse patangodutsa milungu iwiri kapena itatu kuchokera pamene anachira. Ndinatsegula tizikhato take n'kuyerekeza ndi ta mnzake wa msinkhu womwewo, ndipo take tinali toyera ngati tapakidwa ufa. Nditakhala pansi ndi mayi ake, zinadziwika kuti mwanayo akangoyamba kusewera pa tsiku lachiwiri ankamusiyitsa LA n'kusunga mapiritsi otsalawo kuti adzathandize ulendo wina, komanso kuti chifukwa cha kutentha banja lonse linkagona panja popanda neti. Mayiyo anapita kuchipatala ndi kope lija m'manja, anayeza mwanayo magazi n'kupeza kuti ndi ochepa, ndipo anamupatsa chithandizo. Tinamangira neti pakhonde pawo ndi nsungwi zinayi. Pakanapanda kope, tonse tikanapitiriza kunena kuti n'chibadwa chake.

Tsopano mwana wadwala masana ali m'manja mwanu. Muchotseni pakati pa anzake mumugoneke pamkeka wake pamthunzi podutsa mphepo, pamalo poti mukumuona, osati m'chipinda chotseka cha malata chomwe masana chimasanduka uvuni. Muvuleni zovala zokhuthala, mumupatse madzi, ndipo ngati anali padzuwa dikirani mphindi 15 musanamuyeze, chifukwa kuno dzuwa lokha limatenthetsa khungu. Themomita ya batire imapezeka m'mafamase, ndipo mlezi aliyense ayenera kukhala nayo. Ikani m'khwapa mouma, ndipo ikaonetsa 37.5 kapena kuposa, thupi latentha. Imbirani makolo nthawi yomweyo, mwanayo akayezedwe malungo tsiku lomwelo, kaya kuchipatala kaya kwa mlangizi wa zaumoyo amene amayendetsa chipatala cha m'mudzi, komwe amathandiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu. Podikira mungamupukute ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda pang'ono, osati ozizira.

Ngati akutsokomola, werengani kapumidwe kake. Dikirani akhale chete, mukweze malaya, muyang'ane pamimba ndi pachifuwa, muwerenge kwa mphindi imodzi yathunthu pogwiritsa ntchito wotchi ya pafoni. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akapuma ka 40 kapena kuposa, ndiye kuti akupuma mofulumira, ndipo kwa wa miyezi iwiri mpaka wosakwana chaka malire ake ndi ka 50. Kupuma kotere, kapena m'munsi mwa nthiti mukamalowa m'kati pamene akukoka mpweya, n'chizindikiro cha chibayo, ndipo mankhwala a chifuwa a m'botolo ogula pagolosale sangathandize. Phunzirani kuwerenga kumeneku pa ana athanzi masiku amene zinthu zili bwino, kuti tsiku la mavuto maso anu akhale atazolowera kale.

Kutsegula m'mimba ndiko kumafalikira msanga pakati pa ana, ndipo kutentha kwa kuno kumachititsa kuti mwana athe madzi m'thupi m'maola ochepa. Chimbudzi chamadzi chikafika katatu patsiku, musadikire makolo kuti muyambe Thanzi. Sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, osachepetsa madzi kapena kuwonjezera shuga, ndipo mumwetse pang'onopang'ono ndi supuni kapena kapu: mamililita 50 mpaka 100 kwa wosakwana zaka ziwiri nthawi iliyonse akatsegula, ndi 100 mpaka 200 kwa wamkulupo. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso mwapang'onopang'ono. Zotsala zikagona maola 24 zitayeni. Musamumane chakudya poganiza kuti m'mimba mupume, ndipo ngati akuyamwa, mayi ake apitirize kumuyamwitsa. Kuchipatala adzamupatsanso zinki wa masiku 10, amene ayenera kumumaliza ngakhale kutsegulako kutaleka. Anthu ambiri amati mwana akutsegula chifukwa mano akumera, ndipo agogo akaona liwombo lalowa amafuna kumata mankhwala pamutu. Ayankheni mwaulemu kuti liwombo limalowa chifukwa madzi atha m'thupi, monga momwe maso amaloweranso m'kati ndi mkodzo kuchepa, ndipo limabwerera mwana akamwa. Chimbudzi chikakhala ndi magazi, kapena chikakhala choyera ngati madzi otsukira mpunga, nyamukani nthawi yomweyo mukumumwetsa Thanzi m'njira. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma athu awiriwa, Chikwawa ndi Nsanje, ndi ena mwa amene matendawa amabwerako kawirikawiri.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna kukambirana ndi wina aliyense. Mwana akakomoka kapena kugwa linjirinjiri, akalephera kumwa kapena kuyamwa, akamasanza chilichonse, akalefuka moti ngakhale mumugwedeze sakutsegula maso bwinobwino, khosi likauma, kapena akamabanika, tengani envulopu ija, itanani kabaza, makolo muwaimbire muli panjira. Mwana amene akugwedezeka mugonekeni chammbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu, ndipo musamufukize utsi. Apa m'pamene pamaonekera kufunika kokhala ndi munthu wachiwiri wamkulu, kaya wothandizira kaya mnansi amene munapangana naye kale, woti atsale ndi ana enawo. Amene ali kutsidya la kum'mawa kwa Shire, komwe misewu imaduka mvula ikagwa, aganizire za ulendo umenewu dzinja lisanafike. Pa nkhani zosafulumira kwambiri, pamene mukungokayika chochita, mungaimbe ku Chipatala cha pa Foni n'kulankhula ndi azaumoyo.

Za mankhwala, lamulo langa ndi lalifupi. Ndimamwetsa okhawo amene alembedwa m'buku la kuchipatala la mwanayo, ali m'paketi yake, ndipo ndimalemba m'kope nthawi imene ndamwetsa. Mapiritsi omangidwa pakapepala opanda dzina, makapisozi ogula pamsika ndi mankhwala otsala a mwana wina sindilandira. Aspirin saperekedwa kwa ana. Panado ndimapereka pokhapokha makolo avomera, pamlingo umene achipatala analemba, podziwa kuti amangoziziritsa thupi, sachiza malungo. LA amamwa kawiri patsiku kwa masiku atatu, kukwana ka 6, ndipo amagwira bwino ntchito mwana akamwera limodzi ndi mkaka kapena phala lothira nsinjiro. Mankhwala onse akhale pamwamba, m'chitini chotseka, pomwe mwana sangafikire ngakhale atakwera pampando.

Nkhani ya tsiku lobwerera ndi imene imayambanitsa alezi ndi makolo, choncho ikhale m'pangano lija kuyambira pachiyambi. Mwana wa mamina okha, amene akudya ndi kusewera, abwere ndithu, chifukwa mukamabweza aliyense wa chimfine mutsala nokha pakhomo. Amene thupi linatentha abwere patatha maola 24 thupi lili bwino popanda Panado. Malungo sapatsirana pogwirana, choncho mwana amene wayamba LA, thupi lazizira ndipo akudya, angathe kudzamalizira mankhwala kwa inu. Wotsegula m'mimba kapena kusanza akhale kwawo mpaka patadutsa masiku awiri zitasiya. Wa katsabola adikire mpaka zilonda zonse zitauma. Wa mphere abwere atapakidwa mankhwala, ndipo a m'nyumba mwake onse alandire chithandizo nthawi imodzi, zofunda zichapidwe n'kuyanikidwa padzuwa, apo ayi mphere zidzabwerera. Maso ofiira otuluka manthongo aonedwe kaye kuchipatala. Mukaona totupa tating'onoting'ono thupi lonse pamodzi ndi kutentha thupi, maso ofiira ndi chifuwa, ganizirani chikuku, mwanayo asabwere kwa masiku osachepera anayi kuchokera pamene totupato tatuluka, ndipo mudziwitse mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo.

Kenaka dziyang'aneni nokha, popeza nthawi zina gwero la matenda limakhala pakhomo pa mlezi. Ikani mpondagiya ndi sopo pafupi ndi chimbudzi ndi wina pafupi ndi podyera, ndipo ana asambe m'manja ndi madzi othira, osati m'beseni limodzi momwe womaliza amasamba litsiro la anzake onse. Inuyo sambani mukasintha thewera, mukapukuta mamina ndiponso musanagwire chakudya. Chimbudzi cha mwana n'choopsa ngati cha wamkulu, chitayidwe m'chimbudzi nthawi yomweyo, osati kuseri kwa nyumba komwe nkhuku ndi ntchentche zimachifikira. Pamene mwana wasanza kapena kuipitsa, tsukani ndi Jik, ndipo ngati ndi wa 3.5% muyezo wake ndi kapu imodzi ku makapu 6 a madzi. Madzi akumwa muwathire WaterGuard kapena klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, mudikire mphindi 30, muwasunge m'ndowa yovundikira, makamaka ya mpopi. Mwana aliyense akhale ndi kapu yake, supuni yake ndi kansalu kake ka mamina. Chitenje chanu chisakhale chopukutira mphuno za ana onse, ngakhale kuti dzanja limathamangira komweko.

M'miyezi yotentha ana amwetsedwe madzi pafupipafupi asanapemphe, ndipo kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka dzuwa litapendeka asewere pamthunzi. Phala lophikidwa m'mawa silichedwa kusasa kuno, choncho chakudya chimene makolo abweretsa chidyedwe msanga kapena chitenthetsedwe mpaka chitawira. Pogona masana ana asathithikane, agone motalikirana, ndipo amene amatengedwa mochedwa, udzudzu utayamba, agone m'neti. Utsi wa nkhuni ndi makala umawonjezera chifuwa, ndiye mbaula ikhale kutali ndi pamene ana ali. Mwana amene wangochira amafunika chakudya chowonjezera kamodzi patsiku kwa milungu iwiri: phala la mgaiwa kapena la mapira lothira nsinjiro, ufa wa sangowa, dzira kapena nsomba yochotsa minga, ndi chipatso chomwe chilipo nyengoyo.

Mukachita zonsezi koma mwana mmodzi yekha n'kumadwalabe pomwe anzake ali bwino, bwererani ku kope ndi ku buku la kusikelo. Mzere wa kulemera ukaima miyezi iwiri kapena ukatsika, pali chifukwa. Pemphani mlangizi wa zaumoyo amuyeze mkono ndi kalamba kaja ka mitundu itatu: kakafika pofiira, kutanthauza pansi pa masentimita 11.5, kapena mapazi onse awiri akatupa, mwanayo wanyentchera kwambiri ndipo ayenera kulandira chiponde kapena kugonekedwa. Chifuwa chopyola masiku 14, makamaka ngati kunyumba kwawo kuli wamkulu amene akutsokomola kwa nthawi yaitali, chimafuna kuyezetsa chifuwa chachikulu. Kutsegula m'mimba kopyola masiku 14, mafinya otuluka m'khutu mobwerezabwereza, zilonda zoyera m'kamwa zosatha ndi chibayo chobwerera kawiri katatu ndi zifukwa zoti achipatala afufuze mozama, kuphatikizapo kuyeza HIV. Mwana wa magazi ochepa nthawi zonse, amene amatupa manja ndi mapazi n'kumalira ndi ululu, maso ali achikasu, amayezedwanso matenda a sickle cell. Ntchito yanu si kutchula matenda amenewa kwa makolo. Ntchito yanu n'kuwauza kuti akapita kuchipatala asakangonena za kudwala kwa lero kokha, akaonetse masamba onse.

Kalankhulidwe kake kamafuna nzeru. Musayambe nkhaniyi pakhomo makolo ena akumva, ndipo musanene kuti mwana wanuyu akudwalitsa anzake. Apempheni mayi ndi bambo, kapena agogo ngati ndiwo akulera, kuti mukhale pansi madzulo ana ena atapita. Tsegulani kope muwawerengere madeti, kenaka munene kuti, "Bambo, ine ndaona kuti kuyambira Janyuwale mwanayu wadwala kasanu, ndipo sikelo yaima. Ndikupempha kuti tikamuonetse bwinobwino, ndipo ngati mungafune ndikuperekezani." Mabanja ena adzanena za tsempho kapena za anthu oipa, ndipo kutsutsana nawo pamenepo kumangotseka makutu. Ine ndimangopempha kuti, zina zonse zili apo, magazi akayezedwe sabata yomweyo. Zimene mwamva zokhudza matenda a mwana kapena a makolo ake zithere m'mutu mwanu. Mawu amodzi otayidwa pamjigo angachititse kuti mayi asiye kukatenga mankhwala a mwana wake chifukwa cha manyazi.

Mpofunikanso kukonza nkhani ya malipiro, chifukwa ndi imene imachititsa makolo kubisa matenda. Kholo limene lalipira mwezi wonse limaona ngati likuluza mwana akakhala kunyumba. Maganizo anga ndi akuti kujomba kwa tsiku limodzi kapena awiri kusasinthe malipiro, popeza malo a mwanayo mukusungabe, koma mwana akagonekedwa m'chipatala kapena akakhala kwawo sabata yathunthu chifukwa inu mwamubweza, muchotsereko gawo mwezi wotsatira. Ndalama imene mungataye pamenepo ndi yochepa poyerekeza ndi ya ana anayi amene angachoke kutsegula m'mimba kukagwira nyumba yonse. Thandizaninso makolo kupezeratu wachibale wosunga mwana masiku odwala. Inunso mukadwala m'mimba kapena chimfine champhamvu musaphikire ana, ndipo ana anu a m'nyumba atsate malamulo omwewo.

Ana atatu kapena kuposa akayamba kutsegula m'mimba kapena kutuluka totupa m'masiku awiri, musabise poopa kuti mbiri ya pakhomo panu iipa. Dziwitsani mlangizi wa zaumoyo ndi makolo onse, osatchula dzina la mwana amene anayamba, ndipo ngati alangiza kuti mutseke masiku angapo, tsekani, muchape mikeka, zidole ndi ndowa, muziyanike padzuwa. Madzi akasefukira n'kulowa pabwalo kapena chimbudzi chikagwa, musatsegule mpaka mutakhala ndi chimbudzi china ndi madzi otetezedwa. Mvula isanayambe, mu Novembala, sungani mapaketi a Thanzi osachepera 10, botolo la WaterGuard, sopo ndi batire la themomita m'chidebe chotseka, pamodzi ndi kope lija ndi maenvulopu a kabaza, muchiike pamwamba pomwe madzi sangafike ndiponso pomwe mungachitenge ndi dzanja limodzi, linalo mutanyamula mwana.